Ngongole ija tamaliza kubweza, zikomo nonse

Lachisanu lapitali ndinaima pamzere kubanki kukapereka gawo lomaliza la ngongole imene inatsala pang'ono kutitseketsa. Nditatuluka sindinabwerere ku ofesi. Ndinakhala pamthunzi panja pa bankipo n'kumawerenga risiti mobwerezabwereza ngati mwana wa sitandade 1. Ambiri mumatidziwa ngati tsamba lija mumalowapo usiku, muli ku Joni, ku Dublin kapena ku London, kugulira makolo mayunitsi a magetsi kapena kuwalipirira bilu ya madzi ndi khadi. Za ngongoleyi sitinakuuzenipo zonse. Lero ndinena, chifukwa mukapanda kudziwa dzenje limene munatitulutsamo, zikomo wangayu amveka ngati wa mwambo chabe.

Tinayamba mu 2021, Covid-19 ili mkati, tili atatu m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ku Area 25 ku Lilongwe: ine, mlongo wanga amene amasunga mabuku a ndalama, ndi mnzanga wa kusukulu amene amalemba mapulogalamu. Maganizo anachokera kwa msuweni wanga wa ku Johannesburg. Iye ankatumiza ndalama ya magetsi kwa mayi ake mwezi ndi mwezi, koma mita inkangolirabe. Sikuti wina ankaba ayi. Ndalama ikafika panyumba pali njala imasanduka ndiwo, ndipo palibe angadzudzule zimenezo. Airtel Money inalipo kuyambira 2012, Mpamba 2013, koma zonsezi zimafuna nambala ya kuno. Iye m'thumba anali ndi khadi la ngongole la banki ya kumeneko, lopanda ntchito pa mita ya ESCOM. Ntchito yathu inali yongolumikiza ziwirizi: ulembe nambala ya mita, ulipire ndi Visa kapena Mastercard, manambala 20 a tokeni afike pafoni ya amayi kumudzi. Achimwene a ku Joni, inu ndinu munayamba kulemba nambala ya khadi lanu pa tsamba limene linalibe ndi chizindikiro chomwe. Munati ikasowa ndalamayo mudzaitolera pa ukwati wanga. Zikomo.

Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula damu la Kapichira pa Shire, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Tinkagulitsa magetsi tili mumdima, laputopu titailumikiza ku batire ya galimoto. Za nthawi imeneyo tsopano timangoseka.

Chimene sitiseka ndi 2023.

Pali sitepe ija ya polipira imene banki yanu imakutumizirani kanambala kachinsinsi pafoni, OTP, kuti itsimikize kuti khadi lili m'manja mwa mwini wake. Amabanki amaitcha 3D Secure. Makasitomala ena ankadandaula kuti kanambalako kamachedwa, ena kamapita ku nambala imene anaisiya kalekale, ndiye ankasiyira panjira. Ine ndi amene ndinati tiichotse sitepeyo pa malipiro ang'onoang'ono. Mlongo wanga anakana. Sindinamumvere, ndipo ndikulemba pano kuti aliyense aone kuti iye ndi amene ankanena zoona.

Malonda anakwera mochititsa kaso. Tinkaimbirana usiku kuuzana kuti tatulukira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Panali anthu amene anapeza manambala a makhadi obedwa kunja, n'kumagula nawo mayunitsi pa tsamba lathu, kenako n'kumagulitsa matokeniwo motchipa m'makwalala. Mwini khadi, ali kutali kumene sanamvepo za Malawi, amadzaona pa sitetimenti yake patapita milungu, n'kukadandaula ku banki yake. Banki imabweza ndalama yake, n'kuitenga kwa wogulitsa, ndiye ife. Amati chargeback, ndipo mwini khadi amakhala ndi masiku ofika 120 oti adandaule. Pamene kalata yoyamba inkatipeza, n'kuti milandu ya miyezi itatu ili kale m'njira. Chowawa n'chakuti tikanapanda kuchotsa OTP ija, mlandu wa khadi lobedwa ukanagwera banki imene inapereka khadilo. Poichotsa tinadzisenzetsa tokha. Ndipo yunitsi si nsapato yoti ungakalande. Ikalowa mu mita yapita, yaphika nsima, yatha.

Ngongoleyo inkawerengedwa m'madola. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Tinagona ndi ngongole ina, tinadzuka ndi ina, osagula kanthu.

Tinatseka tsamba. Apa ndi pamene ndikufuna kukhalitsa, chifukwa anthu amene ndikuwathokoza anaonekera pamenepa.

Mayi a kubanki amene munkayang'anira akaunti yathu, simungafune dzina lanu pano ndipo sindilitchula. Mukanatha kungotitumizira kalata yotseka akaunti, malamulo ankakulolani. M'malo mwake munatiitana, n'kutenga pepala ndi cholembera, n'kutijambulira mmene ndalama ya pa khadi imayendera, kuchoka ku banki ya wogula, kudutsa ku Visa, kufika kwa inu, ndi pamene ife tinasiya chitseko chosatseka. Munatikalipira ngati ana anu, kenako munakatipemphera kwa akuluakulu kuti tizibweza pang'onopang'ono. Munatiuzanso kuti tisiye kuona malamulo a Reserve Bank of Malawi ngati chipsinjo. Ndinapita kunyumba n'kukawerenga Payment Systems Act ya 2016 mofatsa kwa nthawi yoyamba, chinthu chimene ndinayenera kuchita tisanayambe n'komwe.

Mnzanga wa mapulogalamu, unagwira miyezi yambiri osalandira kanthu. Ndikudziwa kuti kunabwera ntchito ina yolipira m'madola ndipo unaikana, ngakhale sunandiuze, ndinamva kwa akazi ako. Unalembanso zonse za polipira, n'kuika malire pa mita iliyonse, kuti khadi limodzi likayamba kugulira mamita ambirimbiri usiku umodzi liziima lokha. Mlamu, inunso zikomo chifukwa chosamukakamiza kuti atisiye, pamene munali ndi zifukwa zonse.

Mlongo wanga sanandiuzepo kuti ndinakuuza. Anangotsegula buku lake n'kuyamba kulemba mlandu uliwonse pamzere wake. Buku limenelo ndi limene talitseka Lachisanu.

Koma amene mwandisowetsa chonena ndinu makasitomala. Pamene tinkatseka, ena munali mutalipira kale ndipo matokeni anali asanatuluke. Tinaimbira aliyense payekhapayekha. Ndinkayembekezera kutukwanidwa, ndipo ena munatukwanadi, ndi ufulu wanu. Bambo wina amene amagwira ntchito yaulonda ku Durban anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa funso limodzi lokha, ngati mayi ake ku Mzimba agone ndi magetsi usiku umenewo. Ndinathamangira kwa ejenti wa pa msika, n'kugula ndi ndalama ya m'thumba mwanga, n'kuwawerengera agogowo manambala pafoni awiriawiri, iwo akubwereza mokweza. Titatsegulanso, bamboyo anali m'gulu la oyamba kubwerera, ndipo anabwera ndi anzake a kutchalitchi. Ambiri munatero. Munalolera OTP imene munkadana nayo, munalolera kutitumizira chithunzi cha chiphaso, munatiyankhira pa magulu a WhatsApp pamene ena ankati ndife akuba. Ife tinalibe ndalama yotsatsira malonda. Kukula konse kumene kwachitika kuchokera pamenepo kwayenda pakamwa panu.

Lero tili ndi ofesi yokhala ndi chitseko chakechake. Kuwonjezera pa magetsi, mukutha kulipira mabilu a Lilongwe Water Board ndi Blantyre Water Board, ndipo amene mumafunsa za fizi ya sukulu, tamva, tikukonza, koma ulendo uno sitithamanga. Tatenga achinyamata ena oti aziyankha mafoni. Tsiku lawo loyamba timawafotokozera nkhani ya 2023 yonse, osadula, kuphatikizapo dzina la amene anachotsa OTP.

Ena mudzafunsa ngati timasunga manambala a makhadi anu. Ayi. Amapita molunjika kwa amene amayendetsa malipiro, ife timangoona manambala anayi omaliza. Wina akakuimbirani m'dzina lathu kufuna OTP yanu, dulani foni, ameneyo si ife.

Omaliza ndi amayi anga. Anagulitsa matumba a chimanga amene ankasungira miyezi ya njala, n'kundibweretsera ndalamayo atakulunga m'kansalu, osafunsa kuti chargeback n'chiyani. Ankangodziwa kuti mwana wawo sakugona. Loweruka ndinapita kukawaonetsa risiti ya kubanki ija. Anaiyang'ana, n'kuipinda, n'kuiika m'buku lawo la nyimbo. Ndikunyamuka anandipatsa ndalama ya pepala kuti ndidutsire kwa ejenti wa pa sitolo ndikawagulire mayunitsi. Ndinawakumbutsa kuti ntchito imeneyi ndi imene ndimagwira, nditha kugula pafoni pompano. Anati ayi, amene uja amapereka kapepala.