Mmene gulu lathu linapezera ndalama zoyendetsera nkhalango m'tsinde mwa phiri la Zomba

Ndine mlembi wa gulu la m'mudzi kuno m'tsinde mwa phiri la Zomba, mbali yomwe madzi ake amatsikira mu Likangala. Chilandirireni ndalama za pulojekiti yathu ya nkhalango, anzathu a m'makomiti ena akhala akundifunsa kuti tinalowera khomo liti. Ena amaganiza kuti tili ndi m'bale wathu ku Lilongwe, koma tilibe. Ndalemba njira yonse mmene tinaiyendera kuti ofuna kuyesa adziwiretu zimene akakumane nazo.

Chilengezo chomwe tinaona chinkafuna mapulojekiti olimbikitsa kayendetsedwe kabwino ka zachilengedwe. Ambirife tikangomva zachilengedwe, maganizo amathamangira ku mbande, machubu ndi mawilibala. Ndalama izi zinali za mafunso ena: nkhalango amailamula ndani, malamulo ake ndi ati, wodula mtengo mwakuba amaweruzidwa kuti, ndipo chindapusa chimathera m'thumba la yani. Ine ndinagwirizana nawo kwathunthu opereka ndalamawo. Kuno tabzala mitengo chaka ndi chaka, nyengo yobzala ikatsegulidwa pa 15 Disembala mpaka kutsekedwa pa 15 Epulo, koma pofika Okutobala yambiri imakhala itapita ndi moto wa osaka mbewa, mbuzi ndi nkhwangwa. Mbande sizinasowepo. Chinkasowa ndi munthu woyankhapo zikawonongeka.

Zilengezo zotere zimatuluka m'nyuzipepala, pa bolodi la ku khonsolo, ndiponso zimayenda m'magulu a WhatsApp a alangizi. Makomo odziwika alipo angapo. Pali thumba la GEF Small Grants Programme lomwe limayendetsedwa ndi UNDP, nthambi ya United Nations yoona za chitukuko, ndipo limapereka ndalama mwachindunji kwa magulu a m'midzi ndi mabungwe omwe si aboma. Pali MEET ya ku Blantyre yomwe imathandiza ntchito zosamalira chilengedwe, komanso Tilitonse yomwe imaona za ulamuliro wabwino. Otithandiza ife anali ena, koma mafunso a pafomu amafanana kwambiri kulikonse.

Tisanalembe ndi liwu limodzi lomwe, tinayamba tasonkhanitsa mapepala. Zomba ili ndi makhonsolo awiri, ya mzinda ndi ya boma, ndiye muyambe mwadziwa kuti malo anu ali pansi pa iti, chifukwa midzi ina ya m'mphepete mwa tauni malire ake ndi osokoneza. Ife tili pansi pa khonsolo ya boma, ndipo satifiketi ya gulu tinaitenga ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu. Mabungwe akuluakulu amalembetsa ku NGORA, bungwe loyang'anira mabungwe omwe si aboma, koma kwa gulu la m'mudzi ngati lathu anangofunsa satifiketi ya ku khonsoloyo, malamulo oyendetsera gulu, mayina a komiti, ndi akaunti ya ku banki ya m'dzina la gulu yokhala ndi osayinira oposa mmodzi. Nambala ya foni ya wapampando si akaunti ya gulu, ndipo palibe angakutumizireni ndalama kumeneko.

Izi zinali zophweka. Ntchito yeniyeni inali pabwalo la a Mfumu.

Lamulo la nkhalango la 1997 limalola mfumu, mothandizidwa ndi a zankhalango, kupatula malo a m'mudzi kuti akhale nkhalango ya mudzi, ndipo komiti ya zachilengedwe, yomwe tonse timangoti VNRMC, ndiyo imayang'anira. Lamulo lomwelo limalola komitiyo kusayinirana mgwirizano wa kasamalidwe ka nkhalango ndi mkulu wa nthambi ya zankhalango. Kwathu komitiyo inalipo m'dzina lokha. Ena mwa mamembala anasamuka, ena anamwalira, ndipo malire a pakati pa malo a mudzi ndi nkhalango ya boma ya Zomba-Malosa aliyense ankaloza pake. Tinapita kwa a Mfumu kukapempha kuti aitanitse mudzi wonse, ndipo tinanenetsa kuti owotcha makala asasiyidwe. Ena m'komiti ya gulu lathu sanakondwe nazo, ati kuitana owononga kuti adzapange nawo malamulo ndi kuwapatsa mphamvu. Ine ndinaumirira. Lamulo lomwe munthu sanalimve likupangidwa amaliona ngati chiwembu chomupangira iyeyo.

Msonkhanowo unali wotentha. Alangizi a zankhalango atafotokoza kuti lamulo linakonzedwanso mu 2020, zilango zinakwera, ndipo kuwotcha makala popanda laisensi ndi mlandu waukulu, mayi wina wachikulire anaimirira nagwada pang'ono. "Zikomo a Mfumu, tamva. Koma mukatitsekera kumtundako, nsima tiziphikira chiyani? Ife magetsi tilibe." Kenako mnyamata wina yemwe aliyense amadziwa kuti amatsitsa matumba panjinga usikusiku kupita nawo m'tauni anatembenukira kwa ine. "Achemwali, mulembe zoona m'bukumo. Thumba limodzi ndi fizi ya mwana wanga. Ogula ali m'tauni, amaphikira makala omwewa, koma womangidwa ndine." Ndinalemba mmene ananenera. A Mfumu sanamudzudzule. Anamufunsa kuti atapeza china chomubweretsera ndalama angasiye, iye n'kuyankha kuti uvuni saukonda, umamupweteka chifuwa.

Zomwe tinagwirizana tsiku limenelo ndi masiku otsatira ndizo zinakhala mtima wa pulopozo. Amayi azitola nkhuni zouma masiku oikika. Mtengo wauwisi sudulidwa popanda chilolezo cha komiti. M'mbali mwa mitsinje simulimidwa. Chindapusa chizilembedwa m'buku ndi kuwerengedwa pagulu. Komiti yatsopano inasankhidwa poyera, amayi ndi achinyamata alimo, mnyamata wa makala uja alimonso. Maminitsi onse anasayinidwa, osatha kulemba anadinda chala, a Mfumu anaika chidindo.

Kuchoka apo nkhani inakwera makwerero ake: ku VDC (komiti ya chitukuko ya m'mudzi), ku ADC (komiti ya chitukuko ya m'dera la a T/A), kwa a T/A, kenako ku khonsolo, komwe komiti yaing'ono yoona zachilengedwe, DESC, inaiunika isanapite ku DEC, komiti yaikulu ya akuluakulu a nthambi za pakhonsolo. Kalata yovomereza ya ku khonsolo imatenga nthawi chifukwa makomitiwa sakumana tsiku lililonse, choncho musadikire kuti tsiku lotsekera liyandikire. Fufuzani tsiku la msonkhano wawo ndipo pemphani kuti nkhani yanu ilowe pa mndandanda wa zokambirana. Alangizi a zankhalango anayenda nafe malire onse akujambula mapu ndi foni, ndipo mapu amenewo tinawaphatikiza ku pulopozo. Za mitundu ya mitengo tinakafunsa ku FRIM, bungwe la boma lochita kafukufuku wa zankhalango, poti ofesi yawo ili konkuno ku Zomba. Anatilimbikitsa mbawa, katope ndi nsungwi m'mbali mwa madzi, koma anatiuzanso kuti pomwe zitsa zikadali zamoyo, kusamalira mphukira kumabweza nkhalango msanga kuposa kubzala. Uphungu umenewu unatsitsa bajeti yathu ya nazale.

Kulemba kunali pawiri. Poyamba anafuna chikalata chachifupi chofotokoza ganizo lathu, ndipo titadutsa pamenepo anatitumizira fomu yaikulu. Zonse ndi m'Chingerezi. Tinakambirana yankho lililonse m'Chichewa, pena m'Chiyao kuti agogo ena amve bwino, ndipo mwana wa m'mudzi mwathu yemwe amaphunzira ku University of Malawi anatithandiza kuziika m'Chingerezi. Alipo anthu m'tauni omwe amalemba mapulopozo molipiritsa. Sindikunena kuti onse ndi oipa, koma pepala lomwe komiti yanu singathe kulifotokoza ndi pakamwa pake lidzakugwetsani tsiku lomwe eni ndalama adzabwere.

Pa funso loti ntchitoyi ndi yofunika bwanji, sitinalembe za dziko lonse lapansi. Tinalemba za madzi. Damu la Mulunguzi pamwamba pa phiri ndilo limamwetsa mzinda wa Zomba. Mulunguzi amathira mu Likangala, Likangala amathira m'nyanja ya Chilwa, monganso Domasi ndi Thondwe. Chilwa inalowa m'ndandanda wa madambo ofunika padziko lonse wa Ramsar, ndipo inaphwa mu 1995, n'kudzaphweranso kwambiri mu 2012 ndi 2018. Nyanja imeneyi ilibe mtsinje wotulutsa madzi ndipo ndi yosaya, ndiye dothi lililonse lokokoloka kuno kumtunda limakakhazikika komweko. Msodzi wa matemba ku Kachulu ndi mlimi wa mpunga ku Domasi amalipira nawo mtengo wodulidwa kwathu. Tinalembanso zomwe tinaona ndi maso mu Malichi 2023 pa namondwe wa Freddy: m'malo momwe munali mitengo dothi linagwira, m'malo ometedwa munang'ambika zigwembe zomwe zinatsitsa miyala m'minda ya anthu. Tinasonyezanso kuti kachigawo kathu kakulowa m'lonjezo la boma lobwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a malo owonongeka pofika 2030, chifukwa opereka ndalama amafuna kuona kuti ntchito yanu ikugwirizana ndi ndondomeko za dziko.

Pa bajeti tinakangana kwambiri, makamaka pa maalawansi. Anthu anazolowera kuti pulojekiti ndi misonkhano ya pa loji yokhala ndi envulopu pomaliza. Tinagwirizana kuti misonkhano izichitikira pabwalo la a Mfumu kapena m'kalasi ya pasukulu, ndalama zipite ku zinthu zotsala m'mudzi: zizindikiro za malire, kusindikiza malamulo, mabuku a malisiti, ming'oma ya njuchi ndi zovala zake za omwe akusiya makala, ndi maphunziro oumba chitetezo mbaula. Katundu aliyense wamkulu anafuna makotesheni atatu ochokera m'masitolo osiyana. Anafunsanso zomwe mudzi uperekepo. Ndalama tinalibe, koma thukuta lolambula njira zotchinga moto, malo a nkhalango, mchenga ndi njerwa tinaziwerengera mtengo n'kuzilemba. Zimaloledwa, ndipo zimaoneka bwino.

Patapita nthawi anatiimbira kuti akubwera kudzaona. Anafika anthu awiri, ndipo atapereka moni kwa a Mfumu anandipempha mwaulemu kuti ine ndikhale chete. Anafunsa msungichuma wathu, mayi yemwe sukulu analekera ku pulayimale. "Amayi, munthu akagwidwa akudula mtengo, ndalama yake imayenda bwanji?" Mayiwo anamasula mpango, natulutsa kope la ana asukulu lokutidwa ndi pepala la shuga. Munali tsiku, mlandu, ndalama yolipidwa, chala cha wolipira, ndi siginecha ya mboni. Munalinso tsamba losonyeza kuti ndalama zina zinagula zikwanje zolambulira. Mlendoyo anatsegula masamba onse limodzilimodzi, kenako anapempha kuti amuperekeze kumalire. Anayenda mpaka kumtunda, akufunsa anthu omwe ankakumana nawo m'njira ngati malamulowo akuwadziwa. Ndikukhulupirira kuti kope limenelo linatithandiza kuposa Chingerezi chonse cha m'pulopozo.

Titasayina mgwirizano, ndalama sizinabwere zonse pakamodzi. Zimabwera m'zigawo, ndipo chigawo chachiwiri sichituluka mpaka mutapereka lipoti la ntchito ndi la ndalama za chigawo choyamba. Walira mvula walira matope: lisiti lililonse, ngakhale la kabaza, liyenera kusungidwa, ndipo pomwe palibe lisiti pamafunika pepala losayinidwa ndi wolandira ndalamayo. Msonkhano uliwonse umafuna mndandanda wa obwera, amuna pawokha akazi pawokha, ndi zithunzi. Tinagula fayilo imodzi yaikulu ndipo Loweruka lililonse ine ndi msungichuma tinkamata malisiti motsata masiku.

Mavuto awiri anatigwera. Chigawo choyamba chinachedwa mpaka mvula inali itapita pakati, ndiye ntchito zina za m'mbali mwa mtsinje tinazisunthira chaka chotsatira. Komanso bajeti tinailemba kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo pofika nthawi yogula, mitengo ya m'makotesheni inali itasintha kale. Apa chofunika ndi kusasuntha ndalama mwa inu nokha kuchoka pa mzere wina kupita pa wina. Tinalemba kalata yofotokoza, tinaphatikiza makotesheni atsopano, ndipo tinadikira yankho lolembedwa tisanagule chilichonse. Anatilola kuchepetsa ming'oma kuti zizindikiro za malire zisakhudzidwe. Zinatiwawa chifukwa anyamata ena omwe tinawalonjeza anayamba adikira, ndipo mmodzi anabwerera ku uvuni. Nkhani yake inapita ku komiti ngati ya wina aliyense, ndipo tinailemba mu lipoti mosabisa.

Malamulo a mudzi titawalemba bwino tinawapititsa ku ofesi ya zankhalango kuti awaunike ngati sakutsutsana ndi lamulo la dziko. Ichi n'chofunika, chifukwa komiti ilibe mphamvu yomenya munthu, kumutsekera kapena kumulanda katundu mwachisawawa. Milandu yaikulu, monga ya galimoto zodzatenga makala kapena matabwa m'nkhalango ya boma, timaipereka kwa a zankhalango ndi apolisi. Pabwalo la a Mfumu tinaika bolodi pomwe timalemba ndalama zolowa ndi zotuluka, za pulojekiti ndi za chindapusa zomwe, ndipo miyezi itatu iliyonse msungichuma amaziwerenga pamaso pa mudzi. Miseche yoti komiti ikudya ndalama inachepa kuyambira pomwe bolodilo linaima.

Panopa tikukonza lipoti lomaliza, ndipo atiuza kuti kubwera wowerengera ndalama kudzaunika fayilo yonse. Chomwe tikumalizitsa sabata ino ndi pepala la umwini wa katundu: ming'oma, zovala za njuchi ndi zikwanje zikulembedwa m'dzina la VNRMC, ndipo gawo la ndalama za uchi lizilowa m'thumba lolipirira olondera nkhalango m'miyezi ya moto. A Mfumu ndi a ADC asayina Lachisanu.