Chona wanga wapita

Anzanga pano pa Chitakale akundiseka ati munthu wamkulu kulira chona? Eya ndikulira, nanga nditani.

Anabwera yekha mu 2023 namondwe wa Freddy atangodutsa, wowonda nthiti zikuwerengeka, ndinkangomuponyera mitu ya usipa ndi mkute, agogo nkumati iwe amphaka osadziwika kwawo amenewa ndi a ufiti, koma makoswe atasiya kuboola matumba a chimanga agogo omwewo anayamba kumusungira kansomba mmbale mwawo.

Dzulo wadya khoswe wa temeki, kaya anathira ndani, ndamupeza kuseri kwa khitchini thovu lili kukamwa, akunjenjemera. Ndamukwirira ku nthochi uko.

Wasiya tiana tiwiri, sitinadziwe kudya tokha bwinobwino, panopa ndikutipatsa mkaka pa sosala koma kamodzi kakukana.