Lachinayi: funso limene linatiimitsa ku mphakati

Lero ku mphakati sitinamalize ndime imene tinakonza. Mayi wina wachikulire anati mtima wawo sukupeza mtendere. Sabata yatha usiku, mnzawo woyandikana naye nyumba anathawira kwawo atamenyedwa ndi mwamuna wake. Mwamunayo atabwera akukalipa pakhomo, iwo anamuyankha kuti, "Kuno sanafike." Ndiye anatifunsa: "Abale, kodi ndinachimwa?"

Atcheya anatsegula Eksodo 1, nkhani ya azamba Sifra ndi Puwa amene ananamiza Farao kuti ana aamuna a Ahebri asaphedwe, Mulungu n'kuwachitira zabwino. Ambiri tinagwedeza mitu, poganiza kuti yatha. Koma mnyamata wina amene anakhalako ku seminale anati Augustine, bishopu wakale wa mzinda wa Hippo kumpoto kwa Africa, ankaphunzitsa kuti bodza lililonse ndi tchimo, ngakhale lopulumutsa moyo, ndipo azambawo anadalitsidwa chifukwa cha chifundo chawo, osati chifukwa chonama. Thomas Aquinas, mphunzitsi wina wamkulu wa mpingo, nayenso anatero, koma analola kuti munthu abise choonadi mwanzeru, osanena bodza.

Augustine sindimupeputsa. Munthu akazolowera kudziweruza yekha kuti bodza ili n'labwino, mawa amanamiza mkazi wake pa ndalama n'kumati akusunga mtendere wa banja.

Komabe madzulo onse ndakhala ndikuganiza za Dietrich Bonhoeffer, m'busa wa ku Germany amene boma la Hitler linamupachika kundende ya Flossenbürg pa 9 April 1945. Ali m'ndende analemba za mwana amene mphunzitsi anamufunsa pamaso pa anzake ngati bambo ake amabwera kunyumba ataledzera. Mwanayo anakana, chonsecho zinali zoona. Bonhoeffer anati mlandu uli pa mphunzitsi, chifukwa analowerera nkhani ya banja imene sinali ya m'kalasi. Kwa iye, ponena zoona tiyenera kuona amene akufunsa, ndi ufulu umene ali nawo wofunsa.

Ine ndaima pamenepa. Mwamuna uja sankafuna kudziwa kanthu, ankafuna munthu woti apitirize kumumenya. Njira ya Aquinas ndayiyesa m'maganizo ndipo usiku umenewo siikanathandiza: mayiwo akanati "sindikuuzani", mwamunayo akanadziwiratu kuti mkazi wake ali m'katimo, n'kuthyola chitseko.

Amayi a mu mphakati agwirizana kuti mawa m'mawa amuperekeza mnzawoyo ku Victim Support Unit kupolisi.