Altaneta ya Beetle itatuluka, fani nayo ndinaisamalira

Pa galimoto zambiri zomwe tikuyendera masiku ano, altaneta ili pakepake, fani pakepake. Pa Volkswagen Beetle yakale sizili choncho. Injini yake ili kumbuyo, ilibe radiyeta, ilibe madzi, imazizira ndi mphepo basi. Fani yokankha mphepoyo inamangidwa kumapeto kwa shafiti ya altaneta, mkati mwa chibokosi cha malata chimene chimakhala pamwamba pa injini, ndipo lamba mmodzi yemweyo ndiye amazunguza zonse ziwiri. Ndiye ukachotsa altaneta, fani imatuluka nayo. Imeneyi ndi nthawi yokhayo imene ungaigwire m'manja n'kuiona bwinobwino, chifukwa masiku ena onse imakhala yobisika, kuyang'ana kutsogolo kwa galimoto, komwe diso silifika.

Beetle yanga ndi ya injini ya 1600, imodzi mwa zija zinkapangidwa ku Uitenhage m'dziko la South Africa, kumene Beetle inapangidwa kuyambira 1951 mpaka 1979. Altaneta yake inayamba kulira mabering'i, kenaka getsi lofiira la pa dashibodi linkangoti phethiphethi usiku ndikayatsa magetsi onse. Getsi limeneli pa Beetle si lonyozera. Likayaka uli pamsewu uyenera kuima pomwepo n'kukatsegula kumbuyo, chifukwa mwina lamba waduka, ndipo lamba akaduka fani yaima. Injini yopanda fani siitenga nthawi kuti ipse. Altaneta ina anandigulira mlamu wanga ku Johannesburg n'kuitumiza pa basi.

Ndinayamba ndi batire, lomwe limakhala pansi pa mpando wakumbuyo, ndipo ndinachotsa kaye waya wa negetivu. Chitseko cha injini ndinachimasuliratu n'kuchiika pambali kuti ndipeze malo. Pule ya altaneta, kagudumu koyendapo lamba, ndi ya mbale ziwiri, ndipo pakati pake pamakhala timawashala topyapyala tomwe timakhwimitsa kapena kufewetsa lamba. Pa mbale ya mkati pali kampata kolowetsa sikuludiraiva kuti pule isazungulire pomasula nati. Timawashala tonse, ta pakati ndi ta kunja komwe, ndinatimanga pa waya mmodzi, chifukwa katayika kamodzi nati siigwiranso bwino. Kenaka ndinachotsa sefa ya mpweya ndi kabuleta, pabowo la manifodi, paipi yomwe kabuleta imakhalapo, n'kutsekapo kansalu koyera. Mawaya a altaneta, wonenepa wofiira ndi wowonda wopita ku getsi lija, ndinawajambula pa foni ndisanawakhudze. Chotsatira chinali chitsulo chozungulira chomwe chimaikumbatira altaneta pa mwendo wake, ndi timabawuti tinayi ta sipanala 10 togwira mbale ya kumbuyo ku chibokosi. Tiwiri ta pansi n'tovuta kufikira, timafuna kudekha ndi zala zopirira. Kuti zonse zituluke injini ili m'galimoto momwemo, chibokosi chimayenera kukwezedwa pang'ono, ndiye ndinamasula masikuluwu a m'mbali ndi kandodo ka thermostat, kachipangizo kotsegula zitseko za mphepo injini ikatentha, n'kuchichirikiza ndi kathabwa. Altaneta inatuluka pamodzi ndi fani yake.

Mmene inkaonekera faniyo munthu sakanakhulupirira kuti n'chimene chakhala chikusunga moyo wa injini. Kunja kwake kunali dzimbiri la apo ndi apo. Koma mkati mwa mapiko, mopindika muja, munali litsiro lakuda bii, louma gwa, ngati mwaye wa pansi pa poto wophikira pa nkhuni. Ndi fumbi la misewu yathu m'chilimwe litasakanikirana ndi nkhungu ya oyilo, n'kumawunjikana chaka ndi chaka. Ndinakanda ndi chikhadabo pa phiko limodzi, chinachoka chibanthu chathunthu. Choipa n'chakuti silinamatire mofanana: mbali ina linali lochindikala, mbali ina lochepa. Fani imeneyi imathamanga pafupifupi kawiri liwiro la injini. Kulemera pang'ono kopendekera mbali imodzi, pa liwiro lotere, kumagwedeza shafiti mosalekeza, ndipo amavutika ndi mabering'i a altaneta. Ndinaona kuti kuika altaneta yatsopano pa fani yotereyi n'kuiyambitsa ntchito ndi matenda omwewo. Komanso litsiro likachepetsa mpata pakati pa mapiko, mphepo yofika ku masilinda ndi ku choziziritsira oyilo imachepa.

Nati yomanga fani ndi yaikulu, ya sipanala 36, ndipo imakhala yolimba zedi. Apa anthu ambiri amalowetsa chitsulo pakati pa mapiko kuti fani isazungulire. Chonde musatero. Phiko likapindika silibwereranso mwakale, ngakhale muliwongole ndi hamala mosamala bwanji. Ine ndinanyamula zonse kupita nazo kwa anyamata omata matayala omwe ali ndi mfuti ya mpweya yomasulira manati, anangoti prrr kamodzi, yamasuka. Ndinavula chimodzichimodzi n'kumayala pa katoni mwa ndondomeko yake: nati, mawashala, fani, timawashala ta mpata, chitsulo chomwe fani imakhalapo pamodzi ndi kakiyi kake kooneka ngati theka la mwezi, ndi mbale za kumbuyo.

Ndinaviika fani m'beseni la palafini n'kuisiya usiku. M'mawa litsiro linali litafewa. Ndinagwiritsa ntchito mswachi wakale ndi kaburashi kotsukira mabotolo, phiko lililonse palokha, kutsogolo ndi kuseri, makamaka m'makona momwe phiko limakumana ndi mbale. Ndinaika chizindikiro cha choko pa phiko loyambira kuti ndisadumphe lina. Ntchito yake ndi yotopetsa ndipo palibe njira yachidule. Palafini atada ndinamusintha, kenaka ndinatsuka ndi madzi otentha a sopo wa ufa, kutsukuluza, n'kuyanika padzuwa mpaka kuuma kotheratu. Petulo sindimafuna kutsukira, nthunzi yake imagwira moto msanga, ndipo pakhomo pathu mbaula siikhala patali.

Chifukwa chenicheni chotsukira si kukongola ayi. Chitsulo chikayera ndi pomwe ming'alu imaoneka. Ndinakhala nayo pakhonde powala bwino, kuyang'ana mozungulira bowo la pakati, pomwe ming'alu imakonda kuyambira, ndi kuona ngati bowolo silinadyeke n'kuyamba kusewera pa chitsulo chake. Mapiko amagwidwa ndi timakutu topinda, ndiye ndinagwedeza lililonse ndi zala, kenaka n'kumagogoda pang'ono ndi chigwiriro cha sikuludiraiva. Phiko lolimba limalira momveka bwino, lomasuka limangoti phwa. Yanga inapezeka yabwino. Ikanakhala ndi mng'alu ngakhale umodzi, sindikanaipititsa kwa owotcherera, ndikanafuna ina. Fani ikasweka injini ikuthamanga, zidutswa zake zimang'amba malata ndipo zikhoza kuboola choziziritsira oyilo. Wofuna ina asamale ndi kukula kwake: mainjini ambiri kuyambira 1971 ali ndi fani yotakatako, yoyendera chibokosi chomwe choziziritsira oyilo chinasunthidwira kunja, ndipo yakale yopyapyala siipereka mphepo yokwanira mmenemo.

Za penti tinasiyana maganizo ndi mdala wina wa ku Ndirande amene wakhala akukonza ma Volkswagen kuyambira kale. Iwo amati fani yoyera ingopukutidwa ndi kansalu ka oyilo, basi, poti palibe amaiona. Ndimawalemekeza kwambiri, koma apa sindinawatsatire. Oyilo ndi amene amaitana fumbi, ndipo chitsulo chosapaka kanthu chimachita dzimbiri dzinja limodzi lokha. Pomwe ndikugwirizana nawo m'pakuti penti wambiri ndi woipa kuposa kusapenta. Wa burashi ndiye ayi ndithu, amasiya mizere ndi madontho, ndipo dontho lililonse louma ndi kulemera kwa mbali imodzi kuja ndimathawa.

Choncho ndinachotsa dzimbiri ndi burashi ya waya ndi sandipepa wosalala, mopepuka, osadya chitsulo. Ndinapukuta ndi thinazi. Pakati pa fani, mbali zonse ziwiri, pomwe pamakhala mawashala ndi nati, ndinamatapo tepi kuti penti asafikepo. Apa m'pofunika: penti akakhala pansi pa nati amaphwanyika pakapita nthawi, nati n'kukhala ngati yamasuka, fani n'kuyamba kugogoda. Ndinaikoleka pa ndodo yachitsulo pamthunzi popanda mphepo, n'kumaizunguza ndi dzanja limodzi kwinaku ndikupopera ndi linalo, chitini chili patali ndithu. Ndinayamba ndi primer, penti woyambira pa chitsulo, wochepa kwambiri, woti chitsulo chizionekerabe, kenaka wakuda wopirira kutentha, kawiri, mopyapyala, ndikudikira woyamba aume. Mkati mwa mapiko simunade mofanana ndi kunja ndipo ndinazisiya choncho, chifukwa kulimbana namo n'kumene kumabweretsa madontho. Ndinaisiya iume mpaka fungo litatha.

Podikira ndinapisa dzanja m'chibokosi muja. Ndinatulutsamo masamba ouma, kachidutswa ka jumbo ndi zinyalala zomwe makoswe anatutiramo. Fani imayamwa chilichonse chili pafupi, n'chifukwa chake m'chipinda cha injini simuyenera kusungidwa nsanza. Ndinaonanso kuti zitseko za mphepo za pansi pa chibokosi zikutseguka momasuka.

Pobwezera, mbale za kumbuyo ndinaziika pa altaneta yatsopano, kabowo ka mpweya ka pa mbale ya mkati katayang'ana pansi monga zimayenera. Pakati pa fani ndi mbale pamafunika mpata wa pafupifupi mamilimita 2, ndipo umakonzedwa ndi timawashala tija. Nati ya 36 imamangidwa pakati pa 55 ndi 65 Nm (muyezo wa mphamvu yomangira nati), ndiye ndinabwereka sipanala yoyezera m'malo mongoyerekeza ndi mkono. Ndisanalowetse m'galimoto ndinaizunguza ndi dzanja ndikuyang'ana m'mphepete mwake ngati ikuyenda mowongoka. Italowa, ndisanalimbitse chitsulo chokumbatira chija, ndinazunguzanso khutu lili pafupi. Kunamveka kukhula pang'ono, ndinasuntha altaneta pang'onong'ono mpaka kunati zii, pule ya pamwamba italunjikana ndi ya pansi. Kwa amene akuchotsa dayinamo, chotchajira batire chakale, kuti aike altaneta, adziwe kuti mwendo wokhalapo ndi wosiyana, ndipo nthawi zambiri pampu ya petulo nayo imafunika ina yopendekeka kuti zisagundane.

Lamba ndinaika watsopano. Pomanga nati ya pule ndinkazunguza injini pang'onopang'ono kuti lamba asapanike pakati pa mbale ziwiri zija, ndipo timawashala totsala ndinatibwezera kunja, pansi pa nati. Ukadina ndi chala chachikulu pakati, lamba ayenera kulowa mamilimita 10 mpaka 15. Wolimba kwambiri amapha mabering'i, wofewa amaterereka fani n'kumachedwa. Kansalu ka pa manifodi ndinakachotsa, kabuleta ndi mawaya n'kubwerera m'malo mwake, batire pomaliza. Nditatembenuza kiyi getsi lofiira linayaka, ndipo liyenera kuyaka, chifukwa altaneta imadalira kamoto kodzera mu babu limenelo kuti iyambe kutchaja. Injini italira linazima, mita inaonetsa mavoti 14 pa batire.

Ndinaiyesa pa msewu wochokera ku Blantyre kupita ku Zomba masana dzuwa likuswa mtengo. Kunjenjemera komwe ndinkakumva injini ikakwera kunali kutatha, kumbuyo kunkangomveka mluzu wosalala wa mphepo. Nditafika ndinasolola kandodo koyezera oyilo, ndipo ndinatha kukagwira m'manja osapsa. Lamba watsopano amatamuka pa ulendo woyamba, ndiye injini itazizira ndinachotsa kawashala kamodzi pakati pa pule n'kukaika kunja. Lamba wakale, poti anali asanathe, ndinamuika pansi pa mpando pamodzi ndi sipanala ya pule ndi sikuludiraiva.