Wobiriwira wayamba kutera pachala, wabuluu adakali kundizonda

Ndiyambe ndi nkhani yabwino: budgie wanga wobiriwira uja, kambalame koweta ka mtundu wa zinkhwe, tsopano akumatera pachala ngakhale ndisanamuonetse ngala ya mawere. Amafika, n'kugwira ndi timiyendo take tofunda, n'kuyamba kundijompha chikhadabo pang'onopang'ono ngati akufuna kudziwa kuti chinapangidwa ndi chiyani. Mnzake wabuluu sanafike pamenepo. Iye amasendera mpaka kumapeto kwa kamtengo, n'kupendeketsa mutu, diso limodzi lili pa ine, koma dzanja likangoyandikira amabwerera. Sindikumukakamiza. Ndalemba izi kuti ndisunge pomwe tafika, komanso chifukwa anzanga angapo akhala akundifunsa kuti munthu wofuna kuweta mbalame m'nyumba ayambire pati.

Ine mtima wanga poyamba unali pa chinkhwe wotuwa uja, wamchira wofiira, amene amatsanzira mawu a anthu mochititsa kaso. Chomwe chinandibweza ndi zaka. Chinkhwe ameneyu amatha kukhala ndi moyo zaka 40 mpaka 60, ndiye kuti ukamutenga wamutenga pamodzi ndi ntchito zonse zomwe udzasinthe, nyumba zonse zomwe udzasamukire, mwinanso udzamusiyira ana. Pali china: mbalamezi zagwidwa kwambiri kutchire kuti zikagulitsidwe, mpaka mu 2016 ku Johannesburg msonkhano wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire, unaletsa malonda a pakati pa mayiko a zinkhwe zotuwa zogwidwa kutchire. Wina akakuonetsani chinkhwe wotere koma akulephera kunena komwe anabadwira, musiyeni. Cockatiel, chinkhwe wamng'ono wokhala ndi tsumba pamutu, ndi wofatsa, koma naye amafika zaka 15 kapena 20, ndipo nthenga zake zimatulutsa fumbi loyera lomwe limavutitsa anthu a mphumu. Canary, kambalame kakang'ono kachikasu, amaimba bwino zedi, kungoti safuna kugwidwagwidwa. Budgie ndi amene anagwirizana ndi nthawi yomwe ndili nayo: ambiri amakhala zaka 5 mpaka 10, ena osamalidwa bwino amapitirira. Nazonso si zaka zochepa ayi.

Kwawo kwa budgie ndi m'madera ouma a mkati mwa Australia, komwe amauluka m'magulu akuluakulu kutsata mvula ndi njere za udzu. John Gould, katswiri wa za mbalame, ndiye anapita nawo ku England mu 1840. Akutchire onse ndi obiriwira ndi achikasu. Abuluu, oyera ndi ena onsewa anadza chifukwa cha kuweta. Mbiri imeneyi ndi imene inandichititsa kutenga awiri. Ena amati weta mmodzi kuti akuzolowere msanga ndiponso aphunzire kuyankhula, ndipo sakunama kwenikweni. Koma ngati mumachoka m'mawa n'kubwera madzulo, mbalame yoti inalengedwa kukhala pagulu imaswera yokha tsiku lonse, ikuitana popanda woyankha. Galasi silingalowe m'malo mwa mnzake. Kwa ine, bola achedwe kundizolowera koma ali ndi wocheza naye.

Posankha, musafulumire kuyandikira khola. Imani chapatali, khalani chete, muone mmene zikuchitira zisanadziwe kuti mukuziyang'ana, pakuti mbalame yodwala ikaona munthu pafupi imadzilimbitsa n'kuoneka ngati ili bwino. Yathanzi imakhala yotakataka, maso owala, nthenga zosalala, mphuno zouma, ndipo pansi pa mchira pamakhala poyera popanda zitosi zomatirira. Muonenso zinzake za m'kholamo. Ngati imodzi yakhala pansi itatukumula nthenga, maso ali tsinzi, zonsezo zapuma mpweya umodzi ndipo zamwa madzi amodzi.

Msinkhu umadziwika pachipumi. Kamwana kamakhala ndi timizere takuda kuyambira pamutu mpaka kufika pamphuno, ndipo timizereti timachoka kakasintha nthenga koyamba, pa miyezi itatu kapena inayi. Maso akenso amakhala akuda bii, kenaka pamadzabwera kamkombero koyererako. Pamwamba pa mlomo pali kachikopa komwe kali ndi mphuno: kwa yaimuna yaikulu kamakhala ka buluu, kwa yaikazi kamakhala koyererako kapena kofiirira. Mitundu ina imasokoneza, koma kwa ambiri zimatero. Anga onse ndi aamuna, ndipo ndinachita dala, chifukwa yaikazi imatha kuikira mazira ngakhale popanda yaimuna, ndipo dzira likakanirira m'mimba ndi ngozi yaikulu. Wabuluu anabwera pambuyo, ndiye anayamba wakhala m'chipinda china payekha. Mbalame yatsopano iyenera kupatulidwa masiku osachepera 30 isanakumane ndi inzake. Nthawi yonseyo ankaitanizana kudzera kukhoma, zomvetsa chisoni ndithu, koma ndinapirira.

Khola likhale lalitali m'mbali, chifukwa mbalamezi zimauluka chopingasa, sizikwera mmwamba ngati utsi. Mipata ya mawaya isapitirire masentimita 1.2, kuopa kuti mutu ungalowe n'kukanirira. Lozungulira lija n'lokongola m'maso mwa anthu okha. Mbalame imafuna ngodya yothawirako, ndipo imakhazikika mtima mbali imodzi ya khola ikatsamira khoma. Timitengo toterapo ta pulasitiki tomwe timabwera ndi khola ndinatichotsa n'kuikamo nthambi zenizeni zosiyana kunenepa, zotsukidwa bwino, za mitengo yosapoperedwa mankhwala. Phazi likamagwira malo ofanana tsiku lonse limachita zilonda kunsi. Tija tokutidwa ndi pepala lokhakhala, tomwe amati timafupikitsa zikhadabo, timangonyula khungu.

Khola lisakhale kukhitchini. Apa ndiye ndimalimbikira kwambiri ndikamauza anthu. Mbalame siipuma ngati ife: kuwonjezera pa mapapo ili ndi matumba a mpweya m'thupi, ndipo mpweya umadutsa m'mapapomo mosalekeza, choncho chilichonse choipa chomwe chili mumpweya chimalowa m'magazi msanga. N'chifukwa chake ogwira ntchito m'migodi ya malasha ku Britain ankatsika ndi canary kuti awachenjeze za mpweya woipa, mpaka mu 1986. Chiwaya chosamatirira chija, chokutidwa ndi Teflon, chikapsa kwambiri pamoto chimatulutsa mpweya womwe umapha mbalame m'kanthawi kochepa, inu osamva fungo lililonse. Utsi wa fodya, mankhwala opopera tizilombo, zonunkhiritsa m'nyumba ndi penti watsopano, zonsezi zisafike komwe kuli mbalame.

Tsopano chakudya, komwe kwandidyera nthawi yambiri m'miyezi yapitayi. Onse awiri anabwera akudziwa njere zokha. Njere amazikonda, koma zili ndi mafuta ambiri ndipo n'zoperewera vitamini A, kashiamu ndi ayodini. Budgie wodya njere zokha kwa zaka amanenepa, chiwindi chimadzaza mafuta, ena amatupa chithokomiro. Kutchire amauluka mitunda italiitali kuti apeze njerezo, pomwe kuno mbale ili pafupi ndi phazi. Vuto n'lakuti chinthu chomwe sachidziwa sachiyesa chakudya. Karoti woyamba yemwe ndinaika m'khola anamuthawa ngati aona njoka, onse awiri n'kukaunjikana pangodya.

Chomwe chinathandiza ndi masamba onyowa. Ndinkatsuka tsamba, osaliumitsa, n'kulipachika pamawaya pafupi ndi kamtengo komwe amakonda. Wobiriwira anayamba ndi kudzikhula pamenepo kuti asambe, kenaka kunyambita timadontho, kenaka tsiku lina ndinangoona m'mphepete mwa tsamba muli timabowo tating'ono. Wabuluu ataona mnzake akudya, naye anayamba. Ubwino wina woweta awiri ndi umenewu: mmodzi akalimba mtima, wina amatsanzira. Panopa amadya broccoli, karoti wopala, tsabola wosawawa ndi masamba obiriwira osiyanasiyana. Zakudya zatsopano ndimapereka m'mawa, njala ikadalipo, ndipo zotsala ndimachotsa zisanayambe kusasa. Chakudya chopangiratu chija chotchedwa pellets ndikuchilowetsa pang'onopang'ono, chophwanya n'kusakaniza ndi njere. Musayerekeze kuchotsa njere zonse kuti njala imuphunzitse. Kanyama kakang'ono chonchi sikasunga chakudya m'thupi, ndipo kakhoza kufa mbale ya zomwe sikazidziwa ili yodzaza.

Mbale ya njere nayo imanamiza. Budgie amasenda njere n'kusiya mankhusu momwemo, ndiye ukayang'ana pamwamba umaona ngati chakudya chilipo chambiri pomwe pansi palibe kanthu. Tsiku lililonse ndimatulutsa mbaleyo panja, n'kuuzira, mankhusu n'kuuluka, ndiye ndimaona zenizeni zomwe zatsala. Popeza amasenda okha, safunikira timiyala togayira ngati nkhunda zomwe zimameza njere zathunthu. Mapeyala musawapatse ngakhale kachidutswa, ali ndi poizoni kwa mbalame. Chimodzimodzinso chokoleti, khofi, mowa, anyezi ndi zamchere wambiri. Madzi ndimasintha tsiku lililonse, ndipo fupa loyera lija la cuttlefish, nyama ya m'nyanja, limakhala pamawaya nthawi zonse kuti apezepo kashiamu.

Pa zonse zomwe ndagula, chomwe ndimachinyadira ndi kasikelo ka kukhitchini koyeza magalamu. Budgie wamba amalemera magalamu 30 mpaka 40. Mbalame imabisa matenda, chifukwa kutchire yooneka yofooka ndi imene kabawi amayamba kuigwira, ndipo nthenga zimaphimba kuwonda konse. Pomwe mudzaione itakhala pansi pa khola, kapena mchira ukukwera ndi kutsika ndi mpweya uliwonse, ndiye kuti yadwala kalekale. Sikelo imaulula msanga. Kanyama ka magalamu 35 kakataya atatu kapena anayi, ndiye kuti kataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a thupi lake, ndipo pamenepo n'pofunika dokotala wa ziweto, osati kudikira kuti tione mawa. Ndinaika kamtengo pamwamba pa sikeloyo, ndipo wobiriwira amakwerapo m'mawa asanadye, n'kulandira kangala ka mawere. Manambala ndimalemba m'kope.

Pansi pa khola ndimayala mapepala, osati utuchi, kuti ndiziona zitosi. Zabwino zimakhala ndi mbali yobiriwira moderako, mbali yoyera ndi timadzi pang'ono. Akadya masamba ambiri timadzi timachuluka, ndipo palibe chodetsa nkhawa. Koma zikachepa chiwerengero, zikasintha mtundu tsiku lonse, kapena mukaonamo njere zosagayika, chilipo chavuta. Pochotsa mapepalawo ndimayamba ndawawaza madzi kuti fumbi lisauluke, kenaka n'kusamba m'manja, pakuti matenda otchedwa psittacosis amatha kuchoka kwa mbalame kupita kwa munthu kudzera m'fumbi la zitosi zouma. Dokotala mumufufuziretu zinthu zili bwino, chifukwa si onse amene anazolowera kuona mbalame.

Mwezi wathawu wobiriwira anasintha nthenga. Pansi ponse panali mbwee nthenga, pamutu pake patatuluka timinga toyera tomwe ndi nthenga zatsopano zili m'zikute zake, iye ali wokwiyakwiya, kuimba kutachepa. Sikelo ndi imene inandikhazika mtima pansi: kulemera kunali komweko, kudya kunali komweko. Ndinangomuikira mbale yosaya ya madzi osamba pafupipafupi. Ndipo apa ndi pomwe ndinaona chinthu chomwe chinandikhudza kwambiri: wabuluu wamantha uja anakhala pambali pake n'kumamukonza timinga ta kumutu, malo omwe mwiniwake sangafikire ndi mlomo, wobiriwira atazyolika, maso atatseka. Zimenezo chala changa sichingachite bwino chotero.

Tulo amafunika maola 10 mpaka 12, pamdima ndi pachete. Madzulo akakhuta mumamva kaphokoso kokukuta mlomo, kuti kwetekwete. Ambiri amadabwa nako, koma ndi chizindikiro chakuti mbalame yakhazikika ndipo ikufuna kugona.

Mapiko sindinawadule ndipo sindidzawadula. Kuuluka ndi komwe kumalimbitsa mtima ndi minofu ya pachifuwa, ndipo mbalame yomwe ikudziwa kuti ingathe kuthawa imalimba mtima kubwera yokha. Ntchito ili kwa ine: ndisanatsegule khola ndimatseka mawindo ndi zitseko, kukoka makatani kuti asawombe galasi, kuzimitsa fani, kuvundikira chidebe chilichonse cha madzi ndi kuuza onse m'nyumba kuti mbalame zatuluka. Kuwabweza sikuvuta ngati chakudya chimapezeka m'khola mokha.

Kwa wabuluu ndikutsata njira yomwe ija ndinatsata kwa mnzake. Ndimakhala pafupi ndi khola n'kumayankhula motsitsa, osamuyang'anitsitsa m'maso, dzanja likubwera chapansi osati chapamwamba, ngala yaitali ya mawere ili pakati pa ine ndi iye, ndipo ngalayo ikumafupika pang'onopang'ono. Akangoonetsa kuti watopa, ndimasiya. Sabata ino wadya phazi limodzi lili pakamtengo, lina litagunda chala changa. Chotsatira n'kumuzoloweza sikelo, chifukwa mpaka pano ndimamuyeza ali m'kakhola kakang'ono, zomwe zimamuvutitsa. Kakhola komweko ndikufuna onse awiri azilowamo okha mosaopa, ndiye ndayamba kukasiya kotsegula patebulo, mawere ali mkati, kuti tsiku lopita kwa dokotala kudzapimitsa lisadzakhale lothamangitsana.