Situdiyo yathu ndi wadiropu yotsekula

Ine ndi mchemwali wanga timakonza mavidiyo ku Chilomoni, mumzinda wa Blantyre. Tinayambira pa maukwati ndi zinkhoswe, koma masiku ano chakudya chathu chikuchokera ku timavidiyo totsatsa malonda ta pa Facebook ndi WhatsApp. Eni masaluni, ogulitsa mbewu ndi a sukulu za mkaka amafuna munthu wolankhula pamene zithunzi zikudutsa, kutchula katundu, mtengo ndi malo. Wowerenga ndi mchemwali wangayo, ine ndimalumikiza mawu ndi zithunzi pa kompyuta.

Poyamba tinkajambula mawu ndi foni. Zithunzi palibe ankazidandaula, koma mawuwo ankamveka ngati munthu akulankhulira mumgolo. Tinagula kamaikolofoni kopanira pa malaya, Boya BY-M1, zinasinthako pang'ono. Kenako tinaitanitsa Samson Q2U, yolumikiza pa USB, ndipo ndi yomwe tikugwirira ntchito mpaka lero.

Tinaisankha dala chifukwa ndi yamtundu wa dynamic: imatola kwambiri mawu apafupi ndi pakamwa, zakutali imazimva pang'ono. Za condenser, monga Blue Yeti, n'zabwino ndithu, koma zimamva chilichonse. Kwathu kuno kuli chigayo, njinga zamoto za kabaza, atambala a aneba. Ubwino wina wa USB, maikolofoniyo imatenga mphamvu ku laputopu, ndiye magetsi akathima batire la laputopuyo limatipulumutsa.

Komabe chida pachokha sichikanathandiza. Makoma a simenti amabweza mawu, ndiye timatsamiritsa matiresi kukhoma, kupachika bulangeti pawindo, wowerenga n'kukhala moyang'ana zovala za muwadiropu. Wina akalowa amaseka, koma akamva zomwe tajambula amasiya. Mvula yokha ndi imene ilibe mankhwala. Ikayamba kugunda pamalata m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, timangozimitsa n'kudikira.

Chichewa chili ndi vuto lakelake. Mawu okhala ndi "ph", ngati phala kapena mphika, amatuluka ndi mpweya womwe umawomba maikolofoni n'kumveka bu! Choncho timaika kansalu kotchinga mpweya, maikolofoniyo n'kuipatutsira pambali pang'ono, motalikira ngati zala zinayi kuchokera pamilomo.

Timajambulira mu Audacity, pulogalamu yaulere, pa 48 kHz (muyeso wa kajambulidwe ka mawu) popeza ndi mulingo wa mavidiyo, ndipo mawu timawasunga cha pa -12 dB (muyeso wa kukwera kwa mawu) kuti asasweke munthu akakweza. Tisanayambe timakhala chete masekondi 10, kuti kompyuta idziwe phokoso la chipindacho n'kulichotsa. Apa pamafunika dzanja lopepuka, ukachotsa kwambiri mawu amauma.

Kasitomala timamutumizira kaye zolemba pa WhatsApp kuti avomereze mitengo ndi manambala tisanajambule. Akasintha maganizo titamaliza kale, kubwereza kumakhala ndi mtengo wake, ndipo zimenezi timanena pa tsiku loyamba.