Pulojekiti ya nanotechnology: yambani ndi fomu ya mankhwala

Lipoti langa la chaka chomaliza ndalipereka, ndiye ndilembe izi mkwiyo usanathe. Inu a chaka chachitatu amene mukufunsa ngati nanotechnology, sayansi ya tinthu tating'onoting'ono kwambiri, ingatheke kuno ku Zomba, imatheka ndithu. Ambiri timapanga tizidutswa ta siliva tosapitirira ma nanometre (nm) 100, tosaoneka ndi maso, pogwiritsa ntchito madzi a masamba. Ine ndinatenga nimu, mnzanga anatenga chammwamba. Supervisor savuta kupeza, bola mupite ndi mutu wolembalemba kale.

Pomwe pali ntchito ndi pa silver nitrate, mankhwala omwe timatengamo silivayo. Fomu yopempha mankhwalawa lembani tsiku lomwelo mutu wanu wavomerezedwa. Yanga inagona pa tebulo la ofesi yogula katundu mpaka mvula inayamba kugwa. Ndikapita, "abwana ali ku msonkhano." Ndikabwereranso, "pakufunika makotesheni atatu." Makotesheni aja pofika, mtengo unali utakwera, akuti tiyambirenso. Zonsezi chifukwa cha kabotolo kokwana m'dzanja! Mukudziwa kuti solution ya 1 mM (millimolar, muyezo wa kuchuluka kwa mankhwala m'madzi) imangofuna magalamu 0.17 pa lita yathunthu? Ndinkabwerera ku Chikanda wapansi ndikuyankhula ndekha mumsewu.

Anandiombola ndi bambo wina, technician wa mu labu, amene anapeza totsalira m'kabati. Anthu amenewa apatseni ulemu. Ndiwo anandiuza kuti botolo ndilikulunge ndi foyilo poti kuwala kumawononga mankhwalawa, komanso kuti madzi a pampopi ndisawayandikize n'komwe: chloride wake amachititsa solution kuyera mbuu, basi yawonongeka. Magolovesi valani, apo ayi zala zida bii kwa masiku.

Zotsalazo n'zosavuta. Wiritsani masamba m'madzi a distilled, sefani, dontheretsani mu solution ya silver nitrate ija. Ikayamba chikasu n'kupita ku bulauni, thamangani nayo ku UV-Vis, makina oyeza kuwala komwe solution ikumeza. Peak (nsonga ya girafu) ikaoneka pakati pa 400 ndi 450 nm, siliva wanu wapangika. Makinawo sungitsani malo a m'mawa, chifukwa ine magetsi anandithimira scan ili pakati.

Ndimaiwala za kukula kwa tizidutswato. UV-Vis sionetsa maonekedwe ake, pamafunika electron microscope. Masampulo anga anachita kupita ku South Africa kudzera kwa mnzawo wa a supervisor, ndipo zithunzi zinafika nditatsala pang'ono kusindikiza. Nkhani imeneyi ifunseni msanga. Koma fomu ya silver nitrate ija ikhale yoyamba, ndipo jambulani ndi foni siginecha iliyonse, chifukwa yanga anafika poikana kuti sanailandire.